Maganizo a Mkonzi: Chigayo Chodikira Magetsi

Mu Januwale 2022, namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Makina opangira magetsi a pamalopo anatha chaka chathunthu ali chete.

Amene analira kwambiri ndi amalonda ang'onoang'ono. Eni zigayo ankadikira magetsi mpaka pakati pa usiku, amayi akuodzera pamatumba a chimanga. Owotcherera zitsulo anayamba kugona masana, kugwira ntchito usiku. Ometa tsitsi ena anagula sola ndi batire. Amene anathamangira jenereta, phindu lawo linathera ku petulo, amenenso chaka chimenecho ankasowa.

Ngongole zogulira sola zobweza pang'onopang'ono zikanathandiza, koma mabanki ambiri amafunabe chikole chimene wometa tsitsi alibe.