Usipa suuma pa webusaiti

Abale anga a pagulu pano, mundikhululukire, lero ndalemba zazitali. Amene bandulo yake ili kumapeto asunge kaye, adzawerenga mawa.

Achemwali anga amagulitsa usipa pa Kameza, cha mbali yolowera ku Machinjiri. Atha zaka 11 ali pa benchi yomweyo. Ana awo atatu aphunzira ndi usipa umenewo, ine ndemwe fizi yanga ya Fomu 4 inatuluka m'lichero lawo. Sabata yatha anaitanidwa ku maphunziro a eni mabizinesi ang'onoang'ono pa hotela ina m'tauni. Bungwe lake sinditchula, nkhani si dzina. Abwerako ndi tisheti, botolo la madzi ndi nkhope yakugwa. Ndikuwafunsa, "Achemwali, kwagwanji?" Akuti mnyamata wina wa laputopu wawauza kuti geni yopanda webusaiti, yopanda app, yosadziwa za AI, ikufa posachedwapa. Pomaliza wawaonetsa app yolembera malonda, yolipira mwezi ndi mwezi.

Mayi woti waphunzitsa ana ndi mulu wa usipa wabwera kunyumba akudziona ngati mbuli. Chandiwawa ndi chimenecho.

Bodza loyamba lomwe anthu a mataye amakonda ndi lakuti ife a geni timaopa zinthu zatsopano. Ine ndinakulira padoko ku Msaka, ku Mangochi. Bambo anga anali siginala, munthu uja amakhala m'bwato la nyali usiku kuitana usipa kuti alovi aponye chilimira. Ndili mwana ankagwiritsa ntchito nyali zopopa za parafini. Parafini kudula, magalasi kusweka, mphepo ikangowomba nyali yazima. Pitani lero kunyanja usiku mukaone: mababu a LED okhaokha, oyaka ndi batire, ena amatchaja ndi sola masana. Ndani anawachititsa asodzi maphunziro ku hotela? Palibe. Mmodzi anayesa, anzake anawerengera ndalama ya parafini imene yatsala m'thumba, basi doko lonse linatembenuka. Msodzi sadikira tisheti kuti aone phindu.

Foni nayonso chimodzimodzi. Kale achemwali ankamanga ndalama pa mpango n'kupatsira kondakitala, mtima uli phaphapha mpaka amve kuti zafika. Airtel Money itabwera mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013, amayi a nsomba sanachedwe. Lero mchimwene wathu amajambula usipa uli pa thandala, kutumiza pa WhatsApp, achemwali kuuona ngati ndi wofutsa kapena wouma ndi dzuwa, kunenerera mtengo, kutumiza ndalama, mawa thumba latsika pa Kameza. Amene akuchita zimenezi tsiku ndi tsiku ndiye mukumuuza kuti ndi wotsalira? Mwaonjeza, amwene.

Ndiye musandimve molakwa, sindikunyoza foni. Yatichotsera minga yambiri. Chomwe ndikukana ndi kuwerengera kwa mbali imodzi, kotchula phindu lokha n'kubisa pomwe ndalama ikudontha.

Tiyeni tilitsatire thumba limodzi. Kasitomala wa lesitilanti ku Chirimba walipira pafoni. Achemwali atumiza ndalamayo kunyanja, yadulidwa. Mchimwene kunyanja sangalipire alovi ndi uthenga wa pafoni, amafuna ndalama yogwirika, apita kwa ejenti kukatapa, yadulidwanso. Nthawi zina ejenti wa pafupi alibe ndalama zokwanira, ndiye ukwere kabaza kukafuna wina, yapitanso ina. Ngati wogula ali pa netiweki ina, wogulitsa pa ina, mtengo wake ndi winanso. Ndalama ndi imodzimodzi yomweyo, koma paliponse pomwe yaima pali wina akubenthulako. Munthu wa shopu yaikulu ku Limbe sangazimve. Koma phindu la usipa limawerengedwa pa mulu, ndipo mulu umodzi ukachoka apa, wina apo, pakutha pa mwezi ndi lendi ya nyumba imeneyo.

Bandulo nayo ili ndi msonkho wake. Mu 2015, Goodall Gondwe ali nduna ya zachuma, boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a pafoni ndi intaneti, pamwamba pa VAT. Mu 2019 linafuna kuikanso 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pafoni, anthu anachita phokoso mpaka nduna Joseph Mwanamvekha anabweza ganizolo. Chaka chomwecho Reserve Bank inali ikulimbikira kuti mabizinesi azilandira malipiro kudzera pa makina ndi pafoni. Taonani: dzanja ili likukukankhira m'madzi, dzanja linalo likufuna kukulipiritsa kusambira. Ndipo bandulo ili ngati nsomba yaiwisi, tsiku lake likakwana yaola, kaya unaidya kaya sunaidye.

Nanga app ya mnyamata uja? Ndafunsa amene anatenga kapepala kake. Akuti mtengo umatsata dola. Aliyense pano akukumbuka May 2022 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndi November 2023 pomwe inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Chinthu cholipira m'madola chimakwera usiku iwe uli mtulo, pomwe kasitomala wa ku Ngumbe akufunabe mulu wa dzulo pa mtengo wa dzulo. Kulengeza malonda pa Facebook nakonso ndi madola, ndipo amafuna khadi ya kubanki. M'dziko loti ngakhale makampani akuluakulu amalira kusowa kwa madola, mukuti mayi wa pa benchi akawatenge kuti? Ndiponso amene amagula usipa pa Kameza saufufuza pa Google. Amatsika minibasi, kuununkhiza, kulawa kamodzi, kupempha banyira. Webusaiti imapereka banyira?

Mukafuna kudziwa luso lamakono lomwe geni ya nsomba ikulilira, musafunse laputopu, funsani mphuno. Nyengo ya mvula usipa umaolera pa mathandala chifukwa dzuwa kulibe. Munthu wagula ndi mpamba wake wonse, mitambo yatseka masiku atatu, wagulitsa kwa oweta nkhuku pa mtengo wolira. M'madoko ena a ku Mangochi ndi ku Salima anayesako matenti a pulasitiki oumitsira nsomba, oti mvula ndi ntchentche sizilowa. Chimenecho ndiye chinthu choti munthu angakhalire pansi kuchimvetsera. Koma kumanga tenti yotero kumafuna ndalama yoti mayi mmodzi sangaikwanitse, ndipo ngongole yake akaipeza ndi ya katapila. Za ngongole yotsika chiwongoladzanja ku maphunziro kuja sikunanenedwe.

Kuno ku tauni ndi filiji ndi magetsi. Achemwali akhala akufuna kuyamba chambo ndi kampango wamuwisi, pomwe pali phindu lenileni. Chimawabweza ndi chiyani? Mukukumbuka January 2022, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira pa Shire. Mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, ndipo tinakhala mumdima wa maola ambirimbiri kupitirira chaka, mpaka 2023. Amene anali ndi nyama, nsomba kapena mafizesi m'filiji akudziwa zomwe anataya. Ometa, owotcherera, a zigayo, onse ankagona masana kudikira magetsi a pakati pa usiku. Munthu amene anaona zimenezo ukamuuza kuti vuto lake ndi kusadziwa AI, akuyang'ana ngati wamwa.

Palinso akuba. Izi ndiye zimandiutsa mkwiyo. Chaka chatha tsiku lina madzulo, anthu ali piringupiringu, munthu wina wovala bwino anatenga usipa wa theka la thumba, n'kuonetsa achemwali uthenga woti ndalama yalowa. Foni yawonso inalira, uthenga wofanana ndendende. Atapita kwa ejenti, mulibe kanthu. Unali uthenga wolemba pamanja. Tinayenda uku ndi uku, aliyense kutiuza kuti tidikire, mpaka lero. Kumbukirani kuti mu 2018 MACRA inatifoletsa tonse kukalembetsa masimu khadi ndi ziphaso, akuti kuti wakuba azidziwika. Tinafola padzuwa. Koma mpaka pano mafoni a "mwawina", a "ndatumiza molakwika mundibwezere", akulirabe, ndipo nyuzipepala zakhala zikulemba kuti ena mwa mafoniwa amachokera m'ndende ya Zomba momwe. Munthu ali m'ndende akuba pa Kameza! Ngati pali phunziro la foni loyenera tsiku lathunthu ku hotela, ndi limeneli: usapereke katundu usanadinde *211# kapena *444# wekha n'kuona ndalama yako ndi maso. Mnyamata uja sanalitchule n'komwe.

Tsono nafenso a geni tisadziyeretse. Achemwali ndinawauza pamaso, ndipo anakwiya pang'ono. Nambala imodzi yomweyo ndi ya geni, ndi ya chopereka, ndi ya maliro a kumudzi, ndi ya mwana wa ku sekondale akaimba kuti sopo watha. Ndalama ya m'foni siipweteka potuluka ngati ya pa mpango, umangodina, kenako mpamba wadyeka osadziwa kuti wapita liti. Nambala yachinsinsi ndi chaka chobadwa, ndipo mwana aliyense pakhomo amaidziwa. Izi sizifuna app ya madola. Zimafuna simu yachiwiri ya geni yokha, ndi kope la pa okala lolembamo madzulo: ndaoda zakuti, ndagulitsa zakuti, odula adula zakuti. Mzere wachitatuwo musaudumphe. Achemwali ayamba Lolemba, ndipo Lachisanu anandiimbira kuti sakukhulupirira zomwe akuona pa mzere umenewo.

Akuti mwezi wamawa kuli gawo lachiwiri la maphunziro aja. Ndawauza apite, nkhuku ya ku hotela si yokana. Koma atenge kope lija, akaimike dzanja pamaso pa onse, akafunse mnyamatayo kuti app yake idzachotsa ndalama zingati pa mzere wachitatu, ndiponso ngati mwezi wa mwera, pomwe mabwato amakhala kumtunda sabata yathunthu osapha kanthu, nayonso imasiya kulipiritsa.

Amene muli m'magulu a amayi a ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Bangwe, atumizireni asanalembetse.