Chipata chopanda chitseko cha ku Valletta

Wolowa mu Valletta, likulu la dziko la Malta, amawoloka mlatho wa pamwamba pa ngalande yakuya n'kudutsa pampata wa mamita 8 pakati pa makoma awiri a miyala. Chitseko palibe, denga palibenso. Akangolowa, kudzanja lamanja kwake kwaima Nyumba ya Malamulo. Zonse ziwiri anazilemba mapulani ndi katswiri wa ku Italy, Renzo Piano, ndipo mpaka lero eni mzinda sanamvane ngati chimenechi ndi chipata kapena chibowo chabe.

Chipatachi ndi chachisanu pamalopa chiyambire 1566, pamene mzindawu unakhazikitsidwa. Chachinayi, cha m'zaka za m'ma 1960, anachigwetsa mu 2011 ndipo ochilira anali ochepa. Phokoso linabuka pa chimene chinalowa m'malo mwake.

Odandaula ali ndi mfundo zawo. Valletta ndi mzinda wa malinga, umene UNESCO inauika pa mndandanda wa malo osungidwa mu 1980. Iwo amati khomo la mzinda wotere liyenera kuoneka kuti ndi khomo, lokhota pamwamba monga ankamangira makolo awo. Nyumba ya Malamuloyo, imene inatsegulidwa pa 4 Meyi 2015, anaipatsa dzina lonyoza lakuti chopalira tchizi chifukwa cha timabowo tambirimbiri m'makoma ake. Ena chimene chinawapweteka ndi ndalama. Enanso ankafuna kuti boma la Lawrence Gonzi liyambe lamanganso nyumba ya zisudzo yoyandikana nayo, imene mabomba anaiphwasula mu 1942. Piano anasiya zipilala zakezo n'kuikamo bwalo lopanda denga. Apa ndikugwirizana nawo: woimba sangapikisane ndi mvula.

Koma pa nkhani ya mwala, Piano sindimupeza chifukwa. Sanaitanitse mwala wachilendo ayi. Anatenga mwala wa laimu wa pachilumba cha Gozo, wofanana maonekedwe ndi malinga akalewo, nausema ndi makina kuti uzioneka ngati wadyedwa ndi mphepo ya kunyanja. Timabowo tonyozedwato tili ndi ntchito: timatchinga dzuwa loswa mtengo la kumeneko koma kuwala n'kumalowa. Ndipo tisaiwale zimene zinali pamalopo kale, bwalo limene linkakhala lodzaza ndi magalimoto oimikidwa. Akanamanga chipata chotengera cha makolo, chikanakhala chabodza, ngati mnyamata wovala jekete la agogo ake kuti aoneke wanzeru.

Chimene chimandikopa kwambiri ndi pansi pa Nyumba ya Malamuloyo. Zipinda zake zamiyala zakwezedwa pa nsanamira zachitsulo, ndipo pansi pake ndi magalasi, kuti munthu wamba wopita kumsika aziona mkati. Kale aphungu ankakumanira mkati mwa nyumba yachifumu ya Grandmaster, kutali ndi maso. Piano anawabweretsa pakhomo penipeni pa mzinda, poti aliyense wotsika basi awadutse.

Ganizo limeneli linayesedwa mu 2019. Kafukufuku wa imfa ya mtolankhani Daphne Caruana Galizia, amene anaphedwa ndi bomba la m'galimoto mu 2017, atayamba kukhudza anthu oyandikana ndi boma, khamu linasonkhana pabwalo la kutsogolo kwa Nyumba ya Malamuloyo. Nduna ndi aphungu ankatuluka maso a anthu ali pa iwo, ndipo Joseph Muscat anatula pansi udindo wa nduna yaikulu mu Januwale 2020. Oyamikira nyumbayi angati inagwira ntchito imene anaimangira. Komatu apolisi anayankha pondandalika zitsulo zotchinga kutsogolo kwake, ndipo bwalo limene Piano analisiya lotseguka linapeza chitseko chimene iye anakana kulemba pa pulani.