Cholembera chofiira chisatidyere usiku wonse

Tikamayendera aphunzitsi achinyamata m'masukulu a m'boma la Chifunde, timayamba tayang'ana mulu wa makope tisanapemphe ndondomeko ya phunziro. Pa sukulu ina imene sitiitchula dzina tinapeza mphunzitsi wakhama, wosajomba, amene anasunga makope a ana a kalasi yachitatu kunyumba kwake kwa masabata awiri. Sanali waulesi. Anali atatsimikiza mumtima kuti adzakonza chilembo chilichonse chokhota, mawu alionse osoweka, ndipo usiku uliwonse ankatsiriza makope asanu kapena asanu ndi limodzi nyali isanazime. Pa masiku onsewo ana analibe polemba. Makope atabwerera, eni ake anali ataiwala kale funso limene ankayankha, ndipo inki yofiira ija anangoiyang'ana ngati chokongoletsera.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Turma ya ana 60, kope lililonse mphindi 3, ndiye kuti mphindi 180, maola atatu athunthu pa ntchito imodzi yokha. Mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri sakhala ndi ntchito imodzi: pali ya Chinyanja, ya Chipwitikizi ndi ya masamu, osatchula maphunziro ena. Zitatu zokhazo ndi maola 9. Amene ali ndi turma ina masana awirikize kawiri. Munthu yemweyo ayenera kutunga madzi, kuona kumunda, kupita ku maliro a m'mudzi ndi kukonzekera phunziro la mawa. Masamu amenewa sakwanira, ndipo pamene sakwanira chimene chimafa choyamba ndi kukonzekera phunziro, chifukwa palibe amene amabwera kudzawerenga maola amene tinakonzekera, pamene inki yofiira aliyense amaiona.

Maganizo athu ndi akuti mphunzitsi wa chilankhulo cha makolo ayenera kuchonga zochepa, kuzichonga msanga, ndi kudziwa asanatsegule kope loyamba chimene akufunafunamo. Tikudziwa kuti ena amva mawu amenewa ngati chilolezo cha ulesi. Tibwererako.

Maphunziro a zilankhulo ziwiri m'chigawo cha Tete si achilendo. Kuyambira 1993 mpaka 1997, ntchito yoyesera ya PEBIMO, yotsogoleredwa ndi INDE, inaphunzitsa ana m'Chinyanja kuno ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo mu 2003 njira imeneyi inayamba kulowa m'masukulu a boma m'zigawo zosiyanasiyana. Komabe mpaka lero mphunzitsi wa Chinyanja amadzipangira yekha zambiri: nthano yoti ana awerenge, makadi a maphatikizo, mawu ofotokozera kugawa ndi kuchulukitsa. Ola limene lathera pa kukonza chilembo chimodzimodzi m'makope 40 lachotsedwa pa ntchito imeneyi. Ndicho chifukwa chake nkhani ya kuchonga taiika m'kabuku ka chilankhulo.

Chimene chimadya nthawi kwambiri si kuchuluka kwa makope ayi, koma kukayikakayika. Mwana walemba "nhumba" m'malo mwa "nyumba", "muana" m'malo mwa "mwana", "cudya" m'malo mwa "kudya". Mphunzitsi amaima, cholembera m'mwamba, nadzifunsa ngati achotse nota kapena ayi. Pa kope lachisanu amachotsa, pa kope la makumi atatu, atatopa, amalekerera. Mwanayo sanalakwe mwachisawawa. Watengera kalembedwe ka Chipwitikizi kamene amakaona paliponse, ngakhale pa dzina la Mualadzi lenilenilo. Mwana wa kufupi ndi malire, monga ku Cassacatiza, amaonanso zolembedwa zochokera ku Zambia ndi ku Malawi, ndipo amapeza "cimanga" m'buku lina, "chimanga" m'buku lina. Misonkhano ya akatswiri yokhazikitsa kalembedwe ka zilankhulo za Mozambique inachitika mu 1988, 1999 ndi 2008, koma zimene inagwirizana sizinafike m'nyumba iliyonse, ndipo sitingamulange mwana wa zaka zisanu ndi zitatu pa nkhani imene akuluakulu anaikhalira pansi katatu.

Yankho lake ndi kugamula mlandu umenewu kamodzi, mayeso asanalembedwe. Ngati ntchito ya lero ikuyesa kalembedwe ka "ny", ndiye kuti "nhumba" ndi cholakwa ndipo tichiwerengera. Ngati ikuyesa kumvetsa nthano, mwana amene wayankha molondola kuti kalulu anabisala "m'nhumba" walandira nota yake yonse. Tingojambula kamzere pansi pa mawuwo n'kupitirira. Chimodzimodzi m'kalasi yachinayi, pamene Chipwitikizi chayamba kukhala chilankhulo chophunzitsira: mwana amene wapeza yankho la masamu koma walifotokoza m'Chipwitikizi chothyokathyoka, kapena wathandizira ndi mawu a Chinyanja, wadziwa masamu. Kumuchotsera nota ya masamu chifukwa cha chilankhulo ndi kuyesa zinthu ziwiri ndi muyeso umodzi, ndiponso kumatenga nthawi yowirikiza. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mphunzitsi wofuna kukonza zonse m'kope limodzi sakonza kanthu.

Tsono lembani mayankho oyembekezeka ndi kagawidwe ka manota 20 pa pepala tsiku limene mukukonza mafunso, osati tsiku lochonga. Mukatero mudzaonanso funso losamveka lisanafike kwa ana. Pochonga mayeso, chongani funso loyamba m'mapepala onse, kenaka lachiwiri m'mapepala onse. Mutu umagwira yankho limodzi, dzanja limafulumira, ndipo mwana wa pepala lomaliza amaweruzidwa ndi muyeso womwe unaweruza woyamba. Nota ilowe mu pauta nthawi yomweyo, pepala lisanachoke m'manja.

Pali china chimene timafuna kuti muchiganizire mofatsa. Mu 1988 wofufuza wina wa ku Israel, Ruth Butler, anagawa ana a kalasi yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi m'magulu atatu. Gulu lina linkalandira nota yokha, lina ndemanga yokha, lina zonse ziwiri. Amene anapita patsogolo ndi amene ankalandira ndemanga yokha. Olandira zonse ziwiri anachita mofanana ndi olandira nota yokha, ngati kuti nambala ija inaphimba mawu a mphunzitsi. Sitikunena kuti zimene zinaoneka ku Israel zidzaoneka chimodzimodzi ku Chifunde, koma aliyense amene anabwezapo makope amadziwa zimene zimachitika: mwana amafufuza nambala, nasuzumira ya mnzake, natseka kope. Nanga tikuvutikiranji kulemba nota pa ntchito iliyonse ya tsiku ndi tsiku? Nota isungidwe ku ma ACS ndi ku mayeso otsekera trimestre, kumene malamulo amaifuna. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ifuna mawu, ndipo kwa mwana wa kalasi yoyamba kapena yachiwiri, amene sangathe n'komwe kuwerenga ndemanga yolembedwa, mawuwo akhale a pakamwa.

Apa ndi pamene chilankhulo cha makolo chimatipatsa mwayi umene mphunzitsi wa Chipwitikizi chokha alibe. Ana akamalemba, musakhale pa tebulo. Yendani m'mizere, cholembera m'manja, kuwerama pa kope, kuika chizindikiro, ndi kunena m'Chinyanja chimene mwana amva pomwepo: "Taona, iwe, wasiya h pa phala, werenga zimene walembazi." Mwana amawerenga "pala", naseka, nakonza yekha. Pa mphindi 15 zomaliza za phunziro la mphindi 45 mukhoza kuona mzere umodzi kapena iwiri. Mawa muyambire mzere wina, kuti pofika Lachisanu kope lililonse likhale litadutsa pamaso panu. Ngati mwatenga makope kunyumba, werengani mwachangu, osalembamo zambiri, koma pa pepala lanu lembani zolakwa ziwiri kapena zitatu zimene zabwera kawirikawiri. M'mawa muziike pa bolodi popanda kutchula mwini wake, kalasi yonse izikonze. Cholakwa chimene chapezeka m'makope 40 chikusonyeza phunziro limene silinamveke, ndipo mankhwala ake ndi choko.

Za kusinthanitsa makope kuti ana achongerane tili nazo ndi chenjezo. Zimathandiza pa mawu olembetsa ndi pa masamu a yankho limodzi, mayankho ali pa bolodi. Koma taonapo mwana akufuula nota ya mnzake kalasi yonse n'kuseka, ndipo mtsikana amene wasekedwa motero salembanso momasuka. Ife timakonda kuti mwana adzichongere yekha ndi pensulo, mphunzitsi akuyendayenda, ndipo zimene ana achonga zisalowe mu pauta.

Tibwerere tsopano kwa otitsutsa, chifukwa ali ndi mfundo. Kholo limene lagulitsa fodya kapena chimanga kuti ligule kope limafuna kuona kuti wina walitsegula, ndipo tsamba lopanda inki yofiira limaoneka ngati munda wosapalira. Mkulu wa sukulu nayenso, poyendera makalasi, amayamba ndi chimene chimaoneka. Palinso aphunzitsi, tisabise, amene angamve "chongani zochepa" n'kusiyiratu. Kwa amenewa tikuti muyeso ndi wosavuta: funsani mphunzitsi mayina a ana asanu amene sanayambe kusiyanitsa "p" ndi "ph", kapena amene sadziwa kubwereka pochotsera. Woyenda m'mizere amawatchula osaganiza. Waulesi sangathe, ndipo amene amachonga usiku wonse ali m'tulo nthawi zambiri sangathenso. Mayeso a trimestre, amene amagamula za tsogolo la mwana, achongedwe onse, funso ndi funso, mosadumpha. Pamenepo sitikupempha kufupikitsa kulikonse.

Kwa makolo ndi kwa akuluakulu a sukulu, njira ndi kufotokoza zisanachitike. Pa msonkhano woyamba wa makolo, auzeni m'Chinyanja kuti kope la mwana lizigona kunyumba tsiku lililonse, kuti kamzere pansi pa mawu katanthauza "konza wekha", ndi kuti siginecha yanu ndi deti zizioneka kamodzi pa sabata. Pa msonkhano wa ZIP, pemphani aphunzitsi a makalasi ofanana kuti mugwirizane zizindikiro zitatu kapena zinayi zimene nonse muzigwiritsa ntchito, ndiponso kuti mugamule pamodzi za "nh" ndi "ny", za "c" ndi "ch", molingana ndi buku la ana limene lili m'manja mwanu. Mubwere ndi makope asanu a turma yanu, aliyense achonge a mnzake, muone pamene manota anu asiyana, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe pa pepala limodzi loti mkulu wa sukulu aliyense alandire.