PHIRI LA MLANJE NDILO NKHOKWE YANU

Inu eni minda a ku Mlanje, tamverani mau awa.

Alendo acokera kutali kudzakwera Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 yoposa mapiri onse a m'Malawi, ndi kudzasamba pa Dziwe la Nkhalamba. Ndipo ana anu alandira ndalama powatsogolera ndi kuwasenzera akatundu. Izi nzabwino ndithu. Koma ife titi cuma cacikuru ca phirili ndico madzi ace.

Taganizani. Tiyi anayamba kubzalidwa kuno m'caka ca 1891, nakula bwino cifukwa phiri ligwira mitambo ndi kugwetsa mvula yambiri. Makolo a ambiri a inu, Alomwe ocokera ku Mozambique, anakhetsa thukuta m'minda ya tiyiyo m'masiku owawa a thangata. Lero zinanazi zanu, nthoci, nandolo ndi cinangwa zimwa madzi omwewo. Ndipo Ruo, Likhubula, Licenya ndi Thucila, mitsinje yonseyi ibadwira pamwamba pomwepo.

Nanga cisunga madziwo nciani? Ndiyo mitengo. Masamba ace acepetsa mphamvu ya mvula, mizu yace imanga nthaka, ndipo madzi alowa pansi pang'onopang'ono, naturuka pa akasupe m'cilimwe. Cifukwa cace Boma linapatula nkhalango ya phirili m'caka ca 1927. Koma onani mkungudza, mtengo wa pfuko lathu, umene kwao nkuno basi: macheka ndi moto zautha, kotero kuti mitengo yace yaikuru isowa. Makala nawo alikudya yotsalayo.

Wina adzati, "Ana anga ali ndi njala, thumba la makala ndilo ufa wa lero." Njalayo sitiikana. Koma kumbukani napolo wa ku Phalombe m'Marichi 1991, ndi namondwe Freddy m'Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zinakwirira midzi ndi minda yomwe. Mvula yotere munthu sangailetse. Koma matsitso ometedwa mpala agumuka msanga, ndipo nthaka yopita ku Ruo sibweranso. Madzi akatayika saoleka.

Cotero citani izi. Musatenthe chire posaka mbewa. Musalime kufikira m'mphepete mwa mtsinje. Siyani nsungwi ndi udzu zigwire gombe. Pa matsitso pangani mizere yopingasa, yosalunjika kumunsi, nimubzale udzu wa vetiva m'milambala. Banja liri lonse likhale ndi mitengo yaceyace ya nkhuni pakhomo. Ndipo inu mafumu, weruzani mlandu wa wotentha phiri monga mlandu wa wotentha nkhokwe ya mudzi, pakuti ndiwo mlandu umodzi.