WOGWIRA NCHITO USIKU ASANKHE TOCI MOSAMALA

M'makomboni a mu Chipata monga Mchini, Nabvutika ndi Magazine muli anthu ambiri amene nchito yao imayamba kapena kutha kukali mdima. Ena ndi alonda, ena ndi anamwino, ena ndi anyamata onyamula anthu pa njinga, amai olawirira ku msika wa Kapata, ndiponso a SMAG amene amaperekeza amai apakati ku kiliniki pakati pa usiku. Onsewa amadzera m'tinjira mopanda malaiti. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi mu damu la Kariba, malaiti anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja anaona okha kuti nyumba yopanda toci ili pa bvuto. Koma ambiri amagula toci poona mtengo cabe, osaganizira nchito imene ikagwire.

Nkhani ya toci ndi nkhani ya umoyo. Ena mwa odwala amene amafika ku cipatala m'mamawa ndi obvulala usiku: wina wagwera m'ngalande, wina waponda msomali kapena botolo losweka, wina walumidwa ndi njoka popita ku cimbudzi. Mphiri siithawa ikamva mapazi a munthu. Imangogona phee m'njira, ndipo kawirikawiri imaluma pa phazi kapena pa kakolo. Munthu amene waiona ikali patali amailambalala bwinobwino.

Ena amati toci ya pa foni ndi yokwanira. Kuwala kwa foni kumamwazika, ndipo kumathera pa mapazi owerengeka cabe. Ndiponso kumatha batire imene ikanathandiza kuitana galimoto pamene wodwala wafooka. Kandulo ndi koloboi zimazima ndi mphepo, zimatentha nyumba, ndipo parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa amamwedwa ndi ana aang'ono. Kaamba ka ici, wogwira nchito usiku ayenera kukhala ndi toci yeniyeni, yaing'ono yolowa m'thumba koma younikira patali.

Coyamba, wogula asanamizidwe ndi manambala a pa bokosi. Malumeni amaonetsa kuculuka kwa kuwala konse kumene toci imatulutsa, koma sanena kuti kuwalako kumafika pati. Katoci kochipa kolembedwa malumeni 50,000 ndi bodza la malonda. Poyenda m'njira za m'komboni, malumeni 200 kapena 300 a zoona ndi okwanira. Nambala yothandiza ndi ya mamita. Koma opanga matoci amapima mtunda umenewu mpaka pamene kuwala kwatsala kofanana ndi kwa mwezi wathunthu, kumene sikungathandize kuzindikira nkhope ya munthu. Motero ndi bwino kuwerengera theka cabe la nambalayo. Mlonda woyang'anira bwalo la mamita 100 afune toci yolembedwa mamita 200 kapena kuposapo.

Cimene cimatumiza kuwala patali ndi kambale konyezimira ka kutsogolo kwa toci. Kakakhala kakuya, kuwala kumalunjika patali. Kakakhala kosaya, kuwala kumamwazika pafupi. Wogula apemphe kuyatsa toci m'sitolo momwemo ndi kuunikira pa cipupa. Toci yabwino imaonetsa kadontho kowala kwambiri pakati, ndi kuwala kocepera kozungulira kadonthoko. Kuwala kozungulira kumeneku ndiko kumaonetsa pamene phazi likuponda. Toci younikira patali pokha imasiya mapazi mu mdima, mmene muli njoka ndi maenje.

Caciwiri, toci ikhale ndi poonjezera ndi pocepetsera kuwala. Kuwala kwakukulu kumatha batire msanga ndipo toci imatentha. Kumafunika pa kanthawi cabe, monga poona cimene cacititsa agalu kuuwa. Kuwala kocepa ndi kowerengera dzina la mankhwala, kulemba m'buku la nchito kapena kuyamwitsa mwana, ndipo batire imakhala maola ambiri.

Cacitatu ndi batire. Mabatire a AA amapezeka pa tuntemba tambiri. Toci yocaja imapulumutsa ndalama, koma malaiti akazima nthawi yaitali imakhala yopanda nchito pokhapo ngati pa nyumba pali sola. Yabwino koposa ndi imene batire yake imacotseka, kuti munthu azinyamula ina yapadera. Batire yocaja isasiyidwe pa dzuwa kapena pa bedi pamene ikucajidwa, ndipo ikatupa isagwiritsidwenso nchito, cifukwa ingayambitse moto. Makolo asamale kwambiri ndi timatoci ta pa makiyi tokhala ndi timabatire tozungulira ngati mabatani. Mwana akameza kabatire kotere, kangatenthe njira ya cakudya pa maola awiri cabe. Mwanayo apite naye ku cipatala nthawi yomweyo, ndipo asamusanzitse.

Cacinai, toci ikhale yolimba, yokhala ndi kacingwe ka pa dzanja, ndiponso yosalowa madzi. Cizindikiro ca IPX4 citanthauza kuti siiwonongeka ndi madontho a mvula. Ici ndi cofunika cifukwa nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiyo nthawi imene udzu umatalika ndipo njoka zimayendayenda kwambiri.

Pali cenjezo limodzi kwa a SMAG ndi kwa amai onse. Toci younikira patali si yopimira wodwala. Isalunjikitsidwe m'maso mwa munthu, makamaka khanda. Ndiponso kuwala kwa matoci a LED kumasintha maonekedwe a khungu, kotero kuti cikasu ca mwana wobadwa kumene, kapena kuyera kwa zikhato koonetsa kucepa kwa magazi, sizioneka bwino. Zimenezi ziyang'anidwe masana pa kuwala kwa dzuwa, ndipo ngati pali cikaiko mwana apite naye ku kiliniki tsiku lomwelo.

N'zoona kuti ndalama ndi yobvuta. Koma katoci kochipa kamene kamafa mwezi uliwonse kamadya ndalama zambiri pa caka kuposa toci imodzi yolimba, ndipo masiku amene bambo angagone mu wodi ndi mwendo wotupa ndi masiku amene banja limasowa ca ndiwo. Olemba anthu nchito naonso ayenera kupereka toci ndi mabatire kwa alonda ao, monga mmene amaperekera majombo ndi yunifomu. Kutuma munthu kulondera katundu mu mdima wopanda counikira ndi kuika moyo wake pa ngozi.

Safunsa anadya phula. Wofuna kugula toci afunse anzake amene agwira nchito ya usiku kwa zaka, aiyese asanalipire, ndipo madzulo alionse aone ngati ikuyaka asanatuluke m'nyumba.