Ana akabwera ochepa pabwalo, musawabweze

Inu amene mumaphunzitsa ana mpira ku Ulongwe, ku Metangula kapena ku Milange, nyengo ya dzinja mukuidziwa. Mvula ikayamba, ana ambiri amapita kumunda. Ena amalowa m'kalasi masana. Atsikana amatumidwa kukatunga madzi. M'kaundula muli mayina 20, koma pabwalo pafika ana 5 okha. Aphunzitsi ambiri amangonena kuti, "Lero zakanika, mubwere mawa."

Ife tikuti musawabweze.

Ganizirani za mwana amene wabwerayo. Wamaliza ntchito zapakhomo msanga, wayenda mtunda, wafika pa nthawi yake. Mukamubweza, mukumulanga chifukwa cha anzake amene ajomba. Iye aona kuti kusunga nthawi n'kopanda phindu. Sabata yamawa pabwalo padzafika atatu, kenako timu idzatha.

N'zoona kuti malamulo a mpira salola timu kusewera ngati ili ndi osewera osakwana 7. Koma lamulo limeneli ndi la tsiku la mpikisano. Pophunzira mpira, ngakhale ana awiri ndi okwanira.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa masewero a akuluakulu pamakhala osewera 22, mpira umodzi ndi mphindi 90. Tikagawa mphindizo mofanana, aliyense apeza mphindi 4 zokha. Tsopano tengani ana 4, muwapatse mpira umodzi kwa mphindi 40. Aliyense apeza mphindi 10. Mwana amadziwa mpira poukhudza kawirikawiri, osati poima pamzere kudikira. Ndiponso ana akachepa, maso anu amafika pa aliyense. Mumaona amene amaopa kumenya ndi mwendo wamanzere. Mumaona amene amathamanga atazolika, osayang'ana anzake.

Chofunika n'kuchoka kunyumba muli ndi mapulani awiri: ya ana ambiri ndi ya ana ochepa.

Akabwera 2 kapena 3, ayambe ndi kupatsirana. Aimitse mpira, kenako aubweze ndi mwendo wina. Pambuyo pake awiri alimbane, wina kufuna kudutsa, wina kutchinga. Wachitatu akhale pagolo, ndipo azisinthana.

Akabwera 4 kapena 5, aime mozungulira, mmodzi alowe pakati kuti alande mpira. Amene walanditsa ndiye alowe pakati. Kenako asewere awiriawiri. Wachisanu asakhale pansi: azithandiza mbali imene ili ndi mpira.

Akabwera 6 mpaka 10, agaweni matimu awiri. Musagwiritse ntchito bwalo lonse. Yezani mapazi 30 mulitali ndi 20 mulifupi, akachulukirapo muwonjezere pang'ono. Miyala iwiri kapena nsapato zikwanira kukhala golo. Mpira wachikopa ukasowa, chikulunga chigwira ntchito.

Kumbukirani kuti pabwalo laling'ono mwana sapeza mpata wopuma, choncho amatopa msanga. Mphindi 45 zikwanira. Muziwapumitsa pafupipafupi kuti amwe madzi, makamaka kumadera otentha ngati mumzinda wa Tete. Ngati pali wamkulu pakati pa aang'ono, muuzeni kuti akhudze mpira kawiri kokha, kachitatu apatse mnzake. Akatero sapondereza anzake, ndipo nayenso aphunzira kuganiza mwachangu.

Nanga akabwera mwana mmodzi yekha? Musamubweze chimanjamanja, koma musakhale naye awiriwiri kobisika. Seweranani naye poyera, pamene anthu akuona, kwa mphindi 20. Abwerere kwawo kusanade. Zimenezi zimateteza mwanayo, zimatetezanso mbiri yanu.

Mukamaliza, ntchito ina yatsala. Lembani mayina a amene abwera ndi amene sanabwere. Mwana akajomba katatu motsatizana, pitani kwawo mukacheze ndi makolo ake mwaulemu. Mwina akudwala malungo. Mwina nthawi ya mpira ikuwombana ndi ya sukulu kapena ya kumunda. Musalimbane ndi khasu, chifukwa banja limadya za kumunda. Sinthani nthawi. Loweruka madzulo kapena Lamlungu anthu akaweruka kutchalitchi, ana ambiri amapezeka.

Nanunso makolo muli ndi mbali yanu. Ngati mwana sapita ku mpira lero, tumizani uthenga kwa aphunzitsi ake. Ambiri mwa aphunzitsiwa salandira malipiro. Amangodzipereka chifukwa chokonda ana athu.

Eusébio anabadwa mu 1942 ku Mafalala, mumzinda umene lero timautcha Maputo. Anayamba mpira ali wosavala nsapato, akusewera ndi anzake pafumbi, mpira wake wansanza. Mu 1965 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse ku Ulaya. Mu 1966 anagoletsa zigoli 9 pa mpikisano wa dziko lonse, akusewerera Portugal. Si mwana aliyense amene adzafike pamenepo. Koma mwana aliyense amene wasunga nthawi ayenera kupeza munthu wamkulu amene wasunganso mawu ake.

Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Ana asanu akasangalala lero, mawa kusukulu akauza anzawo, ndipo ojomba aja adzafuna kubwerera. Choncho mukafika pabwalo n'kupeza ana ochepa, ikani miyala ya golo, imbani wezulo, muyambe.