NYALI ZAMBIRI, NTHENDA IMODZI: ZA MAGALIMOTO A MAKONO KU MACHINGA NDI KU BALAKA

Aphunzitsi ndi antchito a Boma ambiri m'maboma a Machinga ndi Balaka tsopano ali ndi magalimoto awoawo. Ochuluka mwa magalimotowa ndi ogwirapo kale ntchito ku Japan, amene amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe. Pamodzi ndi magalimotowa pafikanso dandaulo lachilendo. Munthu alikuyenda bwinobwino pa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Balaka, mwadzidzidzi nyali zinayi kapena zisanu za pa dashibodi ziyaka nthawi imodzi. Ena amayesa kuti galimoto yafa yonse, nayamba kugula zitsulo zosafunika. Ena amati ndi kusewera chabe kwa magetsi, napitirira ulendo. Maganizo onse awiriwa ndi olakwika, pakuti oyamba amatha ndalama ndipo achiwiri angathe kutayitsa moyo.

CHIFUKWA CHAKE NYALI ZIYAKIRA PAMODZI

Galimoto ya masiku ano siyendera zitsulo zokha. M'kati mwake muli makompyuta ang'onoang'ono ambiri, ina yoyang'anira injini, ina mabuleki, ina magiya, ndipo onsewa amauzana zochitika kudzera pa mawaya, mwa njira yotchedwa CAN imene kampani ya Bosch ya ku Germany inaionetsa poyera m'chaka cha 1986. Tsono kachipangizo kamodzi koyeza liwiro la tayala kakaleka kutumiza uthenga, kompyuta iliyonse imene imadalira uthengawo imayatsa nyali yake. Akuluakulu anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Ntchito ya makaniko wanzeru ndiyo kupeza njuchi imodziyo.

Choyamba kuchikayikira ndi batire. Kutentha kwa m'chigwa cha Shire kumafupikitsa moyo wa batire, ndipo mphamvu ikachepa makompyuta amasokonezeka. Batire yabwino imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndi pafupifupi 14 injini ilikulira. Chachiwiri ndi mawaya. Fumbi ndi mabampu a misewu yadothi yonga wa ku Nayuchi, makoswe, ndi madzi osefukira onga a namondwe Freddy mu Malichi 2023, zonsezi zimadya malo olumikizira mawaya mosaoneka ndi maso.

PAMENE CHOLAKWA CHILI MU PULOGALAMU

Chachitatu, chimene anthu ambiri sachidziwa, ndi chakuti cholakwa chingathe kukhala mu pulogalamu ya kompyuta, chochokera nacho ku fakitale. Mu Febuluwale 2014 kampani ya Toyota inaitanitsa magalimoto a mtundu wa Prius okwana pafupifupi 1.9 miliyoni pa dziko lonse, chifukwa pulogalamu yake inkalola zipangizo zina zamagetsi kutentha koposa. Nyali zochenjeza zinkayaka, galimoto n'kuchepa mphamvu, mwinanso kuima kumene. Kwa ambiri mankhwala ake anali kulembamo pulogalamu yatsopano basi. Zaka zinayi m'mbuyo mwake, mu 2010, kampani yomweyo inakonzanso pulogalamu ya mabuleki m'magalimoto oposa 400,000.

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa mwini galimoto wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe. Kalata yoitanitsa galimoto imapita kwa mwini wolembedwa m'dziko limene inagulitsidwa ili yatsopano. Galimoto ikawoloka nyanja isanakonzedwe, kalata siitsata. Mwayi ulipo ndi wakuti makampani aakulu a ku Japan ali ndi masamba a pa intaneti pamene munthu angalembe nambala ya chasisi ndi kuona ngati galimoto yake inaitanitsidwapo. Wogula ayenera kufufuza zimenezi asanalipire, makamaka ngati ndalamazo ndi za ngongole yodula ku malipiro.

CHOYENERA KUCHITA WOYENDETSA

Nyali yofiira ya oyilo, ya kutentha kwa injini kapena ya mabuleki ilamula kuima pomwepo. Nyali yachikasu ilola kufika kwa makaniko mwa ulendo wofatsa, koma ya injini ikamaphethira, injiniyo ilikuwonongeka ndipo si bwino kuikakamiza.

Pafupi ndi chiwongolero, cham'munsi, pali polumikizira pa mabowo 16, pa dongosolo la OBD-II limene linakhala lamulo ku America kuyambira 1996. Makina oyezera akalumikizidwa pamenepo amaonetsa manambala a zolakwa. Yoyamba ndi P imanena za injini ndi magiya, C za mabuleki ndi chiwongolero, B za thupi la galimoto, ndipo U imanena kuti makompyuta aleka kumvana. Mwini galimoto aumirire kuti manambalawa alembedwe pa pepala asanafufutidwe, pakuti kufufuta nambala si kuchiza nthenda.

Chizolowezi chochotsa waya wa batire kuti nyali zizime, kapena kumata nyali ndi tepi pofuna kugulitsa galimoto kapena kupeza COF, ndi chinyengo choopsa. Wotsika mapiri a Machinga kulowera ku Liwonde m'nyengo ya mvula, galimoto yodzaza ndi ana, ayenera kudziwa zoona zake za mabuleki ake.

UDINDO WA MASUKULU NDI MAOFESI

Boma linakhazikitsa bungwe la TEVETA mu 1999, ndipo mu 2015 linayamba kutsegula masukulu a ntchito zamanja m'madera a kumudzi. Maziko alipo, chofunika tsopano ndi chakuti wophunzira umakaniko azidziwa kuwerenga kompyuta monga adziwira kugwira sipanala, kuti anthu asamayende ulendo wa ku Blantyre chifukwa cha waya mmodzi. Aphunzitsi angathandize polimbikitsa ana okhoza masamu ndi sayansi kuti asanyoze ntchito imeneyi.

Nawonso oyang'anira magalimoto a Boma achita bwino kulamula madalaivala kulemba m'buku la galimoto nyali iliyonse yoyaka, tsiku lake ndi nambala yake. Ambulansi yotenga mayi wapakati usiku kupita naye ku chipatala chachikulu ku Liwonde kapena ku Balaka siyenera kuyenda mwa kungoyerekeza.